Denga Likamatuluka Thukuta: Kuteteza Ogona m'Makontena ndi m'Makalavani Nyengo Yachisanu

Mawu amene mkulu woona zaukhondo ndi umoyo wa anthu anayankhula pa msonkhano wa khonsolo wokonzekera nyengo yachisanu.



Khonsolo ikamawerengera ntchito zachitukuko za chaka, imalemba makilomita a misewu, milatho, mijigo, midadada ya sukulu ndi zipatala. Chimene sichilembedwa kawirikawiri ndi malo amene anthu ogwira ntchitozo amagonamo. Ambiri mwa iwo amachokera kutali, ndipo amakhala miyezi ingapo m'makontena, m'makalavani okokedwa ndi galimoto, kapena m'tinyumba ta malata okhaokha. Alonda, oyendetsa makina okonzera misewu, okumba mijigo, ozika mapolo a magetsi, ngakhalenso ogwira ntchito za boma m'malo amene nyumba zawo sizinamangidwe, onsewa amagona m'zipinda zachitsulo. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala, ntchito yokonzanso misewu ndi milatho inakula, ndipo paliponse pamene pali ntchito yotere pamakhalanso msasa wa antchito.

Nyengo yachisanu m'dziko muno imayamba mu Meyi n'kutha mu Ogasiti. M'madera okwera a kummwera, monga Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba, nyengoyi imadza ndi chiperoni, mphepo imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Mphepoyi imanyamula chinyezi kuchokera kunyanja yamchere, ndipo ikagunda mapiri imasanduka mitambo yotsika ndi mvula yowaza imene imatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka. M'miyezi imeneyi ndi m'mene ogona m'zipinda zachitsulo amadandaula kuti madzi akuwadonthera usiku, mabulangete sakuuma, nsapato zayanga nkhungu, ndipo chifuwa sichikutha. Ambiri amafulumira kunena kuti denga laboola, ndipo amathamangira phula ndi zigamba. Mfundo yaikulu ya lero ndi yakuti madzi ambiri amene amadontha m'zipindazi sachokera kumwamba. Amachokera m'kati momwemo, mwa anthu ogonamo ndi m'zochita zawo. Pa chifukwa chimenechi, kutseka chipinda paliponse pofuna kuthawa chisanu kumakulitsa vuto m'malo molichepetsa.

Kumene madziwa amachokera

Mpweya uliwonse umanyamula madzi osaoneka ndi maso, amene ndi nthunzi. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira. Pa kutentha kwa madigiri 20, mpweya wodzaza bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse ungathe kusunga madzi okwana magalamu 17. Pa madigiri 10, mpweya womwewo sungasunge madzi oposa magalamu 9 kapena kupitirirako pang'ono. Mpweya wofunda ndi wachinyezi ukakhudza chinthu chozizira, umataya madzi amene sungathenso kuwanyamula, ndipo madziwo amaoneka ngati timadontho. Umu ndi m'mene mame amagwera pa udzu m'mamawa, ndiponso m'mene botolo la chakumwa chozizira limanyowera kunja kwake ngakhale lisanatsekulidwe.

Kontena ya mafiti 20, imene ndi yotalika pafupifupi mamita 6, ili ndi malo a mpweya okwana mabokosi 33 a mtundu uja. Mpweya wonse wa m'katimo, pa madigiri 20, ungasunge madzi oposa pang'ono theka la lita basi. Tsono munthu mmodzi ali m'tulo amatulutsa madzi pafupifupi magalamu 40 pa ola lililonse kudzera m'kupuma ndi pakhungu. Anthu anayi akagona maola 8, amatulutsa madzi oposa lita imodzi, kuwirikiza kawiri zimene mpweya wa m'chipindamo ungathe kunyamula. Ngati zitseko ndi mazenera zatsekedwa, madzi otsalawo alibe kolowera, ndipo amakakhala pa chinthu chozizira koposa zonse m'chipindamo, chimene ndi denga lachitsulo.

Kupuma si gwero lokhalo. Poto wa nyemba wobwata maola awiri kapena atatu amatulutsa nthunzi nthawi yonseyo. Zovala zochapa zoyanikidwa m'kati zimasiya malita awiri a madzi kapena kuposa mu mpweya. Lita imodzi ya palafini ikayaka imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ndipo kilogalamu imodzi ya gasi wophikira imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Nsapato zamatope, majekete onyowa ndi ndowa zamadzi zosavindikira zimawonjezera pa mulu womwewo.

Chitsulo nacho chili ndi khalidwe lake. Chimatenga kutentha msanga ndipo chimakutayanso msanga. Usiku wopanda mitambo, denga lachitsulo limataya kutentha kwake kuthambo mpaka kuzizira kuposa mpweya wa panja. Silimwa madzi ngati udzu, njerwa kapena dothi, zimene zimayamwa chinyezi usiku n'kuchitulutsa masana. Kuwonjezera apo, kontena inapangidwa kuti izinyamula katundu pa nyanja, ndipo imafika kuno kudzera m'madoko monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Zitseko zake zili ndi mphira wotsekereza madzi, ndipo timabowo take ta mpweya ndi tating'ono, tokwanira katundu amene sapuma. Chimene chili ubwino pa sitima ya pamadzi chimasanduka chilema munthu akayalamo mphasa. Kalavani nayo, ngakhale inapangidwira anthu, makoma ake ndi opyapyala ndipo malo ake ndi ochepa, choncho mpweya wake umadzaza nthunzi mwamsanga.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya umoyo

Pamene pali chinyontho chosatha pamamera nkhungu. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo zimauluka mu mpweya paliponse, kudikira malo onyowa. Thabwa, katoni, nsalu, chikopa kapena matiresi zikakhala zonyowa tsiku limodzi kapena awiri, nkhungu imatha kuyamba kumera. Imakonda m'makona, kuseri kwa makabati, pansi pa matiresi ndi m'mphepete mwa mazenera, kumene mpweya suyenda. Nthawi zambiri fungo lachuku limamveka mawanga akuda kapena obiriwira asanaoneke.

M'chaka cha 2009, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi nkhungu m'nyumba. Malangizowo anasonyeza kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho amadwala kawirikawiri chifuwa, kubanika, matenda a m'njira za mpweya ndi mphumu. Ana, okalamba, odwala mphumu ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Pali mtundu wina wa nkhungu wotchedwa Aspergillus umene umatha kukhazikika m'mapapo amene anawonongeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo munthu amayamba kukhosomola, kuonda ndi kulavula magazi ngati kuti TB yabwereranso. Nkhungu ya m'banja lomweli ndiyo imabweretsa chuku mu chimanga ndi mtedza, chimene chili ndi poizoni wowononga chiwindi. Thumba la ufa losungidwa m'chipinda chachinyontho lili pa ngozi yofanana ndi ya munthu wogonamo.

Ngakhale m'mayiko olemera nkhaniyi yatayitsa miyoyo. Mu Disembala 2020, mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu mzinda wa Rochdale ku England, ndipo bwalo lofufuza za imfayo linapeza mu 2022 kuti anafa chifukwa chopuma nkhungu nthawi yaitali m'nyumba yalendi imene banja lake linkakhala. Makolo ake anali atadandaula kambirimbiri kwa eni nyumba. Chaka chotsatira dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza eni nyumba za mtundu umenewo kuchitapo kanthu msanga munthu akadandaula za chinyontho.

Pali ngozi ina imene imayenda limodzi ndi chinyezi, ndipo iyo siidikira miyezi. Chisanu chikakula, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo, mtundu kapena utsi. Umayamba ndi litsipa, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo wogona amatha kupitirira osadzuka. M'chipinda chachitsulo chotsekedwa ndi mphira, mbaula imodzi ndi yokwanira kupha onse ogonamo usiku umodzi. Mbaula yoyaka, ngakhale yooneka ngati yazilala, isalowe m'chipinda chogona, ndipo jenereta iikidwe kutali ndi zitseko ndi mazenera. Munthu akapezeka ndi zizindikirozi, atulutsidwe panja nthawi yomweyo ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Kusiyanitsa kudontha ndi thukuta

Asanawononge ndalama pa phula ndi penti, kapitawo ayenera kudziwa mtundu wa vuto limene ali nalo. Denga lobooka limadontha pamalo amodzi, ndipo limatero mvula ikamagwa kapena itangogwa, n'kusiya mzere wa dzimbiri kapena banga lofiirira. Thukuta limabalalika denga lonse ngati mikanda, limachuluka m'bandakucha, ndipo limakula kwambiri usiku wozizira wopanda mvula, makamaka anthu akagona ambiri. Pali njira yapafupi yoyesera pansi pa chipinda. Pepala la pulasitiki limatidwe ndi tepi mbali zonse zinayi ndi kusiyidwa usiku umodzi kapena uwiri. Likanyowa pamwamba, madziwo achokera mu mpweya wa m'chipinda. Likanyowa kunsi, chinyontho chikukwera kuchokera m'nthaka. Pa kalavani, mphira wa m'mazenera, wa pa chitseko ndi wa pa zibowo za padenga uyenera kuonedwa nyengo isanayambe, pakuti umauma ndi kung'ambika ndi dzuwa la Okutobala. Khoma kapena pansi pofewa munthu akadinikiza ndi chala ndi chizindikiro chakuti matabwa a m'kati ayamba kuola.

Njira yoyamba: kuchepetsa nthunzi

Madzi amene sanalowe mu mpweya safunika kutulutsidwa. Msasa uliwonse ukhale ndi chisakasa chophikira panja, chofoleredwa bwino ndi chotchinga mphepo. Poto aliyense avindikiridwe. Pakhalenso chisakasa china choyanikira zovala, chotseguka m'mbali kuti mphepo izidutsa, chifukwa masiku a chiperoni munthu amene alibe poyanika amakakamizika kuyanika pamwamba pa bedi lake. Majombo, majekete amvula ndi zipangizo zonyowa zitsale pakhonde. Kusamba kusachitikire m'chipinda chogona, ndipo madzi akumwa asungidwe m'zigubu zotseka. Pamene nyali za dzuwa zingapezeke, zilowe m'malo mwa nyali za palafini ndi makandulo.

Chiwerengero cha ogona chili ndi gawo lalikulu. Malangizo a Sphere, amene mabungwe othandiza pa nthawi ya ngozi amatsatira pa dziko lonse, amanena kuti munthu aliyense akhale ndi malo ofoleredwa osachepera masikweya mita atatu ndi theka. Pansi pa kontena ya mafiti 20 pali masikweya mita pafupifupi 14. Izi zikutanthauza kuti anthu anayi ndiwo malire. Kuika anthu asanu ndi atatu m'malo oterowo ndi kuwirikiza madzi, ndiponso ndi kupereka mpata kwa chifuwa chachikulu, chimene chimafala msanga pamene anthu athithikana ndipo mpweya suyenda.

Njira yachiwiri: kutulutsa mpweya

Apa ndi pamene ambiri amatsutsa. Amafunsa kuti kutsekula zenera kungaumitse bwanji chipinda pamene panja pali nkhungu ya chiperoni ndi mvula yowaza. Yankho lili m'masamu aja. Mpweya wa panja pa madigiri 12, ngakhale utakhuta chinyezi kotheratu, umakhala ndi madzi osakwana magalamu 11 m'bokosi lija la mita imodzi. Mpweya wa m'chipinda chogona anthu, pa madigiri 20, umatha kukhala ndi magalamu 14 kapena kuposa. Mpweya wozizira wa panja ukalowa n'kufunda, umakhala ndi mpata woyamwa madzi ena. Choncho ngakhale tsiku lachiperoni, kusinthanitsa mpweya kumatulutsa madzi ambiri kuposa amene kumalowetsa.

Kuti mpweya uyende, pamafunika polowera ndi potulukira. Zenera limodzi silikwanira. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, choncho potulukira pakhale pafupi ndi denga kumbali imodzi, ndipo polowera pakhale m'munsi kumbali inayo. Mabowowa akhale ndi sefa yawaya yotchinga udzudzu ndi makoswe, ndi kachivindikiro kopendeka kotchinga mvula. Akhale otseguka usana ndi usiku. Chizolowezi chotseka mabowo a mpweya ndi nsanza kapena makatoni chifukwa cha kuzizira chiyenera kutha, ndipo njira yochithetsera ndi kupereka mabulangete okwanira, pakuti munthu amene akunjenjemera samva malangizo. Bedi lisayang'anizane ndi bowo lam'munsi, kuti mphepo isaombe wogona.

M'mawa uliwonse, anthu akadzuka, chitseko ndi mazenera onse zitsekulidwe kwa mphindi 15 kapena 20. Madontho a padenga ndi pa magalasi apukutidwe ndi nsalu, ndipo nsaluyo ikafinyidwe ndi kuyanikidwa panja. Kusiya madonthowo kuti aume okha ndi kuwabwezera mu mpweya womwewo, ndipo usiku adzabweranso.

Malo ogona afunika chisamaliro chapadera. Thupi la munthu limatenthetsa matiresi pamwamba pamene kunsi kwake kwagunda pansi pozizira, ndipo nthunzi imasanduka madzi pomwepo. N'chifukwa chake matiresi ambiri amada kunsi mwini wake osadziwa. Matiresi aikidwe pa bedi la matabwa otalikirana kapena pa mapaleti, kuti mpweya uzidutsa pansi. M'mawa aimikidwe, ndipo dzuwa likawala atulutsidwe pamodzi ndi mabulangete. Pakati pa khoma ndi bedi, kabati kapena sutikesi pakhale mpata wolowa dzanja. Zovala zisapachikidwe pa khoma lachitsulo, ndipo ufa, mpunga ndi mtedza zisungidwe pa thandala, m'ziwiya zotseka.

Njira yachitatu: kufunditsa chitsulo

Nthunzi imagwera pozizira. Denga ndi makoma zikakhala zofunda, thukuta limachepa. Njira yotsika mtengo ndi yodalirika ndiyo kumanga denga lachiwiri pamwamba pa kontena kapena kalavani, la malata kapena la udzu, lokhala ndi mpata pakati ndi lotuluka m'mbali. Denga lotere limatchinga chitsulo kuti chisataye kutentha kwake kuthambo usiku, limachotsa madzi amvula amene amadikha pa denga lafulati n'kuyambitsa dzimbiri, limapereka khonde losiyapo nsapato, ndiponso limachepetsa kutentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Ndalama imodzi imagwira ntchito nyengo zonse.

Njira ina ndiyo kuika zotchinga kuzizira m'kati. Mapepala okhuthala a polystyrene, chinthu choyera chopepuka chija chimene chimatchinjiriza mafiriji ndi ma TV m'makatoni, amagwira bwino ntchito akakhala okhuthala masentimita awiri ndi theka kufika asanu. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, polystyrene amayaka msanga ndipo utsi wake ndi woopsa, choncho ayenera kuphimbidwa ndi matabwa opyapyala kapena mabodi a siling'i. Chachiwiri, nthunzi ya m'chipinda isapeze njira yokafika pa chitsulo kuseri kwa mabodiwo. Molumikizira monse mumatidwe ndi tepi, ndipo pepala la pulasitiki liyalidwe pakati pa polystyrene ndi bodi, kumbali yofunda ya m'chipinda. Kukhomera pulayiwudi pa chitsulo popanda zimenezi ndi kubisa vuto. Chipinda chimaoneka chokongola, koma kuseri madzi akuyenderera, thabwa likuola ndipo nkhungu ikukula mu mdima. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Denga ndilo liyambe kutchingidwa, chifukwa ndilo limazizira koposa.

Pansi napo pasaiwalike. Kontena isakhazikidwe pa dothi. Ikwezedwe pa zipilala za konkire m'makona ake anayi, masentimita 30 kapena kuposa, kuti mphepo izidutsa pansi. Nthaka ya pansipo iphimbidwe ndi pulasitiki ndi miyala ing'onoing'ono, udzu udulidwe, ndipo ngalande ikumbidwe kumtunda kuti madzi asadutse pansi pa chipinda. Malo osankhidwa akhale okwera, osati m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndipo azifikidwa ndi dzuwa la m'mawa. Mthunzi wa mtengo ndi wokoma m'chilimwe, koma mu Juni umachedwetsa chipinda kuuma ndipo masamba ake amasunga madzi padenga. Kalavani iimikidwe mopendeka pang'ono kuti madzi asadikhe pamwamba. Ikafundidwa ndi lona, pakhale mpata woti mpweya uzidutsa, pakuti lona lomangidwa mothina limasunga chinyezi ngati thumba.

Nkhungu ikaoneka

Kupaka penti pamwamba pa nkhungu sikuipha. Imatulukiranso patapita masabata ochepa, ndipo pentiyo amasupuka. Choyamba ndi kupeza gwero la chinyontho ndi kulithetsa. Kenako malowo atsukidwe ndi madzi a sopo ndi burashi, zitseko ndi mazenera zili zotsekula. Pa chitsulo, galasi ndi pulasitiki angagwiritsidwe ntchito mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, kapu imodzi m'malita anayi a madzi. Mankhwalawa asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa kusakanizako kumatulutsa mpweya wowononga mapapo. Wotsukayo avale magolovesi ndi chophimba pakamwa ndi mphuno, ndipo asapale nkhungu youma, poti kutero kumabalalitsa njere zake mu mpweya. Odwala mphumu, amene akulandira kapena analandirapo chithandizo cha chifuwa chachikulu, ndi amene chitetezo chawo ndi chotsika asapatsidwe ntchitoyi. Makatoni, mabodi a siling'i ndi matiresi amene nkhungu yalowa m'kati mwake satsukika, ndipo ayenera kuchotsedwa. Nkhungu ikakuta malo oposa sikweya mita imodzi, kapena ikabwerera pambuyo potsuka, nkhaniyo ifike kwa mwini msasa ndi kwa alangizi a zaumoyo, ndipo ogonamo apezeredwe malo ena kufikira chipinda chitakonzedwa.

Pali zipinda zina zimene zimatsekedwa nyengo yonse ntchito ikaima. Zimenezi zisanatsekedwe zisesedwe ndi kuumitsidwa bwino. Mabulangete, makatani, zakudya ndi mapepala zichotsedwe, matiresi aimikidwe, zitseko za makabati zisiyidwe zotsekula, ndipo matanki a madzi a m'kalavani akhuthulidwe. Mabowo a mpweya asatsekedwe. Mlonda azitsekula chipindacho kamodzi pa sabata, tsiku la dzuwa. Makala osayatsa, laimu kapena mchere woyamwa chinyezi wogulitsidwa m'masitolo zimathandiza m'kabati kapena m'bokosi, koma sizingamwe lita ya madzi usiku uliwonse. Makina oyamwa chinyezi amagwira ntchito pokhapokha pali magetsi odalirika, ndipo salowa m'malo mwa mabowo a mpweya.

Udindo wa aliyense

Mutu umodzi susenza denga. Wogona m'chipinda ali ndi gawo lake la tsiku ndi tsiku: kutsekula, kupukuta, kuimika matiresi, kuphikira ndi kuyanika panja. Koma wantchito sangaboole khoma lachitsulo, sangamange denga lachiwiri, ndipo si iye amene amasankha kuti m'chipinda mugone anthu angati. Zimenezi ndi za mwini ntchito. Lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woteteza thanzi la antchito awo, ndipo lamulo la zaumoyo wa anthu la 1948 limapatsa makhonsolo mphamvu yochitapo kanthu pa malo okhala amene ali oopsa ku umoyo. Kuimba mlandu wantchito kuti ndi wauve, pamene wapatsidwa bokosi lopanda zenera, ndi kuzemba udindo.

Mwini ntchito wowerengera bwino adzaona kuti ndalama ya mabowo a mpweya, mapaleti, mabulangete ndi malata ochepa ndi yaing'ono poyerekeza ndi masiku amene amatayika antchito akadwala, matiresi ogulidwa kawiri, simenti youma m'matumba, mapepala a ntchito owonongeka, ndi kontena yodyeka ndi dzimbiri isanakwane nthawi yake.

Pempho kwa khonsolo lili patatu. Loyamba, mapangano a ntchito zachitukuko azitchula momveka za malo ogona antchito: chiwerengero cha anthu pa chipinda, mabowo a mpweya, kukweza chipinda pa nthaka, malo ophikira ndi oyanikira. Lachiwiri, ogwira ntchito zaumoyo aziyendera misasa mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, chisanu chisanafike, ndiponso kamodzi pakati pa nyengoyi. Ulendo wotere uzichitika m'mamawa, pakuti dzuwa likakwera denga limauma ndipo umboni umatha. Woyendera ayang'ane kudenga, atukule matiresi, asunthe kabati, anunkhize mpweya, ndipo afunse ogonamo pamene kapitawo palibe. Lachitatu, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera ndi m'midzi, amene amapereka malo omangapo misasa, azithandiza kusankha malo okwera ndi ouma, ndipo akamva dandaulo azilifikitsa ku ofesi ya zaumoyo mwamsanga.

Malangizowa ndi othandizanso mabanja amene akukhala m'nyumba za malata zopanda siling'i, amalonda amene amagona m'makontena awo, ndi sukulu zimene zimagoneka ana m'zipinda zodzaza. Paliponse mchitidwe wa madzi ndi umodzi, ndipo mankhwala ake ndi atatu omwewo: nthunzi ichepe, mpweya uyende, chitsulo chifunde.

Masabata amene atsala chiperoni chisanayambe ndi okwanira kuboola makoma, kuika sefa, kukweza zipinda ndi kumanga zisakasa. Ofesi ya zaumoyo ndi yokonzeka kupita ku msasa uliwonse umene mwini wake angafune uphungu ntchitoyi isanayambe.